Hatchi yanga yadzaza nkhanambo thupi lonse, adokotala akukayikira pemphigus: kodi ichira?

Funso: Ndili ndi hatchi yaikazi ya zaka 9. Miyezi iwiri yapitayo inayamba kutuluka nkhanambo kumaso ndi pamwamba pa ziboda, ubweya n'kumathothoka. Tinkayesa zipere, ndiye tinaisambitsa ndi mankhwala a zipere, koma ayi ndithu. Kenako inabayidwa maantibayotiki kwa sabata ziwiri, nkhanambo n'kumangofalikira mpaka m'khosi, pamsana ndi kunsi kwa mimba. Pano miyendo yatupa, ikuonda, masiku ena imatentha thupi. Adokotala a ziweto akukayikira matenda otchedwa pemphigus, akuti ndi a matuza, koma ine thuza sindinalionepo ndi limodzi lomwe. Akufuna adule kachidutswa ka khungu akapime. Kodi n'zofunikadi, bwanji osangoyamba mankhwala? Mahatchi ena awiri amene imagona nawo khola limodzi angatengere? Nanga ichira?

Yankho: Aloleni adule khungulo. Ndipo tsiku lodula lisanafike, lekani kaye kuisambitsa ndi kuipala nkhanambo, chifukwa umboni umene adokotala akuufuna uli m'nkhanambo zomwezo zimene mwakhala mukuchotsa. Ndayamba ndi zimenezi popeza pa zonse zimene ndinene, n'zimene zikufunika kuchitika sabata ino. Chogamula mlanduwu ndi khungu lodulidwalo, koma mmene mwafotokozera, zoyambira kumaso ndi m'mphepete mwa ziboda, kufalikira thupi lonse m'miyezi iwiri, kutupa miyendo, kusamva mankhwala a zipere ndi maantibayotiki, adokotala anuwo sakuponya mwala kutali.

Khungu lakunja la hatchi, monga lathu lomwe, linapangidwa ndi maselo osanjikizana ngati njerwa pakhoma, ndipo matope ogwiriza njerwazo ndi timfundo ta mapuloteni totchedwa desmosome. Pa matenda a pemphigus foliaceus, womwe ndi mtundu umene timaupeza kawirikawiri pa mahatchi, chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kuyamba kupanga asilikali olimbana ndi timfundo timeneti. Timfundo tikamasuka, maselo amalekana, amabulungika n'kumayandama lililonse palokha. Pampata wotsalawo pamadzaza madzi ndi maselo oyera a m'magazi, ndiye thuza limenelo. Palibe kachilombo kalikonse pamenepa. N'chifukwa chake maantibayotiki anapita pachabe: analowa m'thupi kukasaka mdani wochokera kunja, pamene wowononga khungu ndi thupi lomwelo.

Za matuza amene simunawaone musadabwe nazo, eni mahatchi ambiri sawaona, ngakhale madokotala timawapeza mwa apo ndi apo. Kulekana kwa maselo kumachitikira pamwamba penipeni, kunsi kwa kagawo kouma kakunja, choncho kakhungu kophimba thuzalo n'kopyapyala zedi. Hatchi ikangodzikhula pamtengo, ikagubuduka pansi, thuza laphulika. Limakhala maola owerengeka basi, komanso lili mobisika m'ubweya. Chimene inu mumaona m'mawa ndi madzi ake atauma. Tayang'anitsitsani malo amene nkhanambo yachoka yokha. Imachoka ndi kamtolo ka ubweya, kunsi kwake kuli konyowa, kachikasu, ndipo khungu lotsalalo ndi lofiirira, lonyezimira, koma chilondacho si chozama, changosupuka pamwamba. M'mphepete mwake mumakhala kamkombero ka khungu losendeka, komwe ndi kotsalira kwa thuza lija. Malo akale amauma n'kumayoyoka mfundu wambiri, moti mukadutsitsa dzanja pamsana, dzanja limachita mbuu. Ngati mukufuna kuona thuza lisanaphulike, yang'anani m'mamawa mkati mwa makutu, pa zikope, kuzungulira milomo, kapena pabere, malo a ubweya wochepa. Mukalipeza musalikhudze, aimbireni adokotala, chifukwa pa kupima palibe choposa limenelo.

Matendawa anayamba kudziwika pa anthu. Dokotala wa khungu wa ku Paris, Alphée Cazenave, ndiye anawafotokoza mu 1844, ndipo panapita zaka 120 kuti Ernst Beutner ndi Robert Jordon asonyeze, mu 1964, kuti m'magazi a odwala pemphigus muli asilikali olimbana ndi khungu lawo lomwe. Pa mahatchi ndi matenda osowa. Chipatala chachikulu chophunzitsira madokotala a ziweto ku University of California, Davis, chinaona mahatchi 20 okha a matendawa pa zaka 15, ndipo zimene anapeza anazisindikiza mu 2004. Ndizitchula zimene anapezazo kangapo, chifukwa zikugwirizana ndi mafunso anu. Msinkhu wa mahatchiwo unayambira pa miyezi iwiri ndi theka mpaka zaka 25, aamuna ndi aakazi omwe, a mitundu yosiyanasiyana. Mabuku akale ankati mtundu wa Appaloosa ndi umene umagwidwa kwambiri, koma m'gulu limeneli palibe mtundu umene unaposa unzake. Mahatchi 14 mwa 20 anali otupa, 9 ankamva kuwawa pakhungu, 7 ankayabwidwa, 7 ankatentha thupi. Ndiye kutupa miyendo kwa hatchi yanu si matenda ena apadera, n'chimodzi mwa zizindikiro zazikulu, ndipo pa mahatchi ena kumayamba nkhanambo zisanaoneke n'komwe. Kuondako kuli ndi chifukwa chake: khungu losupuka thupi lonse limataya mapuloteni usana ndi usiku, ndipo chiweto chotentha thupi sichidya bwino.

Mahatchi enawo sangatengere pemphigus, inunso simungatengere, ngakhale mutagwira nkhanambo ndi manja. Komabe, mpaka zotsatira zituluke, ipatseni bulashi yake, nsalu yake ya pansi pa chishalo ndi chingwe chake, popeza matenda awiri amene amafanana nawo kwambiri ndi opatsirana. Kuti papita miyezi iwiri anzakewo ali bwinobwino khola limodzi, n'chizindikiro china chotichotsa ku zipere.

Nthawi zambiri matendawa amangobuka popanda choyambitsa chooneka, ndipo sachokera ku uve kapena kusasamala. Pa mahatchi ena amayamba patangopita masiku chilandirireni mankhwala, katemera kapena mankhwala a njoka za m'mimba, pa ena amabwera nyengo imodzimodzi chaka ndi chaka, zimene zimachititsa madokotala kuloza chala tizilombo toluma ndi zinthu za m'nyengoyo. Ku Davis kuja, mahatchi 16 mwa 20 anayamba kudwala pakati pa September ndi February. Pa anthu, kumidzi ina ya ku Brazil kuli mtundu wa pemphigus foliaceus wotchedwa fogo selvagem umene umagwira anthu ambiri dera limodzi, ndipo ofufuza akhala akuugwirizanitsa ndi kulumidwa ndi tizilombo toyamwa magazi. Chochita inu n'chapafupi: khalani pansi mulembe chilichonse chimene hatchiyo inalandira m'miyezi itatu isanayambe kudwala, ndi masiku ake, mupatse adokotala. Pakapezeka mankhwala okayikitsa, asadzabwerezedwenso.

Tsopano funso lanu lalikulu, loti bwanji osangoyamba mankhwala. Ndikumvetsa, chiweto chikuzunzika pamaso panu. Koma mankhwala a pemphigus ndi ofooketsa chitetezo cha m'thupi, pa mlingo waukulu, kwa miyezi yambiri, mwina moyo wonse. Si mankhwala oyeserera. Ndipo pali matenda angapo amene ndi maso okha simungawasiyanitse ndi pemphigus. Oyamba ndi a bakiteriya wotchedwa Dermatophilus congolensis, amene amakonda khungu lonyowa ndi mvula, nayenso amapanga nkhanambo zochoka ndi timitolo ta ubweya. Achiwiri ndi zipere, makamaka za fangasi wa Trichophyton equinum. Ameneyu ngwachinyengo kwambiri, chifukwa nthawi zina amatulutsa timadzi tomasula timfundo tomwe tija, maselo n'kulekana chimodzimodzi ngati pa pemphigus, ngakhale pa maikulosikopu. Kusambitsa ndi mankhwala a zipere popanda kusintha si umboni wokwanira woti zipere palibe. Palinso mabakiteriya a Staphylococcus m'timabowo ta ubweya, nthata za Chorioptes m'miyendo ya mahatchi a ubweya wambiri kumapazi, kudana ndi mankhwala, ndi matenda ena awiri osowa koma oopsa, sarcoidosis ndi MEED, amene amagwira khungu pamodzi ndi ziwalo zam'kati monga mapapo, matumbo ndi chiwindi. Mukapatsa hatchi ya zipere kapena ya mabakiteriya mankhwala ofooketsa chitetezo, mwatsegulira tizilombo njira, ndipo matenda amene akanatha ndi sopo wa mankhwala amafalikira thupi lonse.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti mankhwala a steroid, omwe ndi ofooketsa chitetezo aja, amafufuta umboni. Hatchi ikawamwa kwa sabata imodzi kapena ziwiri, matuza atsopano amaleka kupangika, ndipo khungu lodulidwa nthawi imeneyo limangosonyeza kutupa wamba. Mumatsala ndi chiweto chimene chili pa mankhwala oopsa, koma palibe amene angalumbire kuti chikudwala chiyani. Miyezi inayi kutsogoloku, ziboda zikadzayamba kuvuta, mudzafuna kudziwa ngati mankhwalawo ali oyenera kupitiriza, ndipo yankho lake likanachokera ku kachidutswa kamene kanakanidwa lero. Ngati hatchiyo yalandirapo kale steroid, kaya wa jakisoni, wakumwa, ngakhale wopaka amene amasakanizidwa m'mafuta ambiri a zilonda, auzeni adokotala. Angafune kudikira sabata ziwiri kapena zitatu asanadule, kapena kuposerapo ngati unali jakisoni wokhalitsa m'thupi.

Kupimako kumayamba ndi chinthu chaching'ono. Adokotala amanyamula nkhanambo yatsopano n'kudinda kagalasi pakunsi pake ponyowa, kapena kuboola thuza ndi singano, n'kuthira utoto. Pa maikulosikopu, maselo olekana aja amaoneka aakulu, obulungira, a mtundu wodera, ena okhaokha ena m'timagulu, atazunguliridwa ndi maselo oyera a m'magazi ooneka athanzi, popanda mabakiteriya. Zimenezi zimalimbitsa kukayikira koma sizitseka nkhani. Chotseka nkhani ndi kudula. Hatchi imapatsidwa jakisoni woifatsitsa ili chiimire, ndi wina wochititsa dzanzi kunsi kwa khungu, kenako amadula ndi kachitsulo kozungulira ka mamilimita 6 kapena 8, malo atatu mpaka asanu ndi limodzi, n'kusoka ulusi umodzi kapena uwiri pamalo alionse. Pano ndi pamene zinthu zimalakwika kawirikawiri. Mwachizolowezi, dokotala asanadule paliponse amameta, kutsuka ndi kupukuta ndi spiriti. Pa matenda awa zonsezo n'zoletsedwa. Ubweya ungodulidwa pang'ono ndi sizasi pamwamba, nkhanambo isakhudzidwe, ilowe m'botolo la formalin, mankhwala osungira khungulo kuti lisawole, ili chimatirire pakhungu. Ikagwa podula, itoleredwe iikidwe m'botolo momwemo, ndipo pa kalata yopita ku labotale alembe kuti nkhanambo nazo zipimidwe, chifukwa nthawi zambiri maselo olekana aja amapezeka atasanjikizana m'kati mwake ngakhale khungu lapansi litayamba kale kupola. Asankhe malo atsopano, osati akale ouma. Mkombero wa pamwamba pa chiboda ndi bwino kuupewa ngati pali malo ena, popeza ndi pomwe chiboda chimamerera ndipo chipsera chake chingasiye mng'alu. Apemphenso utoto wapadera woonetsa fangasi, atumize ubweya ndi nkhanambo zina kuti akaone ngati mungamere fangasi kapena mabakiteriya, ndipo ngati n'kotheka, wopima akhale wozolowera matenda a khungu. Magazi atengedwe tsiku lomwelo. Kawirikawiri amasonyeza kuchepa magazi pang'ono, maselo oyera ochuluka ndi kutsika kwa puloteni ya m'magazi yotchedwa albumin, koma phindu lake lalikulu n'kudziwa pamene mwayambira mankhwala asanalowe.

Zikatsimikizika, mankhwala oyamba ndi steroid, ndipo pali awiri: prednisolone, pa mlingo woyambira wa mamiligalamu 1 mpaka 2 pa kilogalamu iliyonse tsiku lililonse, kapena dexamethasone, wamphamvu kwambiri, pa mamiligalamu 0.05 mpaka 0.1 pa kilogalamu. Ndatchula milingoyi kuti mudziwe kukula kwa ntchito, osati kuti muyambe nokha. Taonani: hatchi ya makilogalamu 500 ikufunika mamiligalamu 500 mpaka 1,000 a prednisolone patsiku. Ngati mapiritsi amene alipo ndi a mamiligalamu 5, ndiye mapiritsi 100 mpaka 200 m'mawa uliwonse, kuwasinja, kuwasakaniza ndi chakudya chonyowa pang'ono, n'kuimirira pompo mpaka mbale yayera, chifukwa ufawo ngwowawa ndipo hatchi imadziwa kuusiya pansi pa mbale. Funsani ngati ungapezeke wa ufa kapena wa mapiritsi akuluakulu. Chenjeraninso ndi dzina: prednisone ndi prednisolone n'zosiyana. Pa munthu ndi pa galu prednisone amagwira ntchito, koma hatchi ikamwa prednisone, wofika m'magazi mwa mtundu wogwira ntchito ngwochepa kwambiri. Mahatchi ena amene amanenedwa kuti sakumva mankhwala amakhala kuti akumwa mankhwala olakwika. Alipo enanso amene samva prednisolone koma amasintha akawasamutsira ku dexamethasone.

Mlingo waukuluwo umapitirira mpaka nkhanambo zatsopano zitaleka kutuluka, kawirikawiri masiku 10 mpaka 14, nthawi zina kuposa. Poyeza ngati mankhwala akugwira musawerenge nkhanambo zakale, zimenezo zimatenga nthawi kuti ziyoyoke, ndipo ubweya umamera patapita masabata. Yang'anani ngati pali malo atsopano, ngati kutupa kukuphwa, ngati yayamba kudya. Kujambula zithunzi sabata iliyonse, mbali zonse ziwiri, pamalo amodzimodzi, kumathandiza kuposa kukumbukira. Zikatero mlingo umatsitsidwa pang'onopang'ono, sabata ziwiri zilizonse kapena apo, mpaka kufika pa mlingo wochepetsetsa umene ukugwirabe matendawa, makamaka womwa modumphitsa tsiku. Apa ndi pamene eni ziweto ambiri amagwera. Pakatha mwezi hatchi imaoneka yochira, ubweya ukumera, ikuthamanga, munthu n'kuona ngati mapiritsi aja angotha ntchito. Mukasiya mwadzidzidzi matendawa amabwerera, ndipo kubwera kwachiwiri kumavuta kugonjetsa kusiyana ndi koyamba. Komanso thupi limene lazolowera steroid wochokera kunja limachepetsa kupanga wake, ndiye kulidula kamodzin'kamodzi n'kuliika pangozi ina. Ine ndimakonda hatchi yokhala ndi nkhanambo ziwiri zitatu pa mlingo wochepa kusiyana ndi ya khungu losalala pa mlingo waukulu, chifukwa cha chimene ndikuti ndinene tsopano.

Choopsa chachikulu pa ulendo wonsewu si khungu, ndi ziboda. M'kati mwa chiboda muli timinofu topyapyala tolukanalukana timene timagwiriza chibodacho ku fupa lomaliza la mwendo. Timinofu timeneti tikafooka n'kutupa, amene ndi matenda a laminitis, fupa limayamba kupendekeka kapena kutsika, ululu wake ngwosaneneka, ndipo zikafika patali sizibwerera. Pa hatchi yathanzi yolandira steroid kwa masiku ochepa ngoziyi ndi yaing'ono, koma pa mlingo waukulu wa miyezi yambiri ndi yeniyeni. Ku Davis kuja, mwa mahatchi asanu amene anaphedwa ndi jakisoni kuti asazunzike, atatu chinawaphetsa ndi laminitis yobwera ndi mankhwala, osati pemphigus. Amene ali pachiopsezo kwambiri ndi onenepa, a khosi lokhuthala ndi mafuta pansi pa manyenje, amene anadwalapo laminitis, mahatchi aang'ono a mtundu wa pony, ndi okalamba a matenda a PPID, osokoneza mahomoni ochokera m'kachiwalo ka pansi pa ubongo. N'chifukwa chake ndi bwino kupima insulin m'magazi mankhwala asanayambe, popeza akachuluka chiopsezo cha laminitis chimakula, ndi ACTH, homoni yoonetsa PPID, ngati pali zizindikiro zokayikitsa. Chakudya chisinthe: zambewu, manyuchi ndi msipu wanthete wongophuka zichepe kwambiri, udzu wouma wabwino ukhale chakudya chenicheni, mapuloteni obwezera amene akutayika achokere ku zakudya zopanda shuga wambiri.

Ndipo phunzirani kupima mapazi nokha, m'mawa ndi madzulo, kuyambira lero hatchi isanayambe mankhwala kuti mudziwe mmene imakhalira ili bwino. Gwirani chiboda chilichonse ndi chikhatho, mumve kutentha kwake poyerekeza ndi zinzake. Kenako ikani chala chachikulu ndi chamkombaphala kuseri kwa mfundo yokhala ngati kakolo, mbali zonse ziwiri, pamene pamadutsa mtsempha. Pa hatchi yabwino kugunda kwake n'kofooka, kovuta kukupeza. Kukamamveka mwamphamvu, kukugunda chala, pali vuto. Itembenuzeni mozungulira pamalo olimba: ya laminitis imatembenuka monyinyirika, imaponda ndi chidendene, imasinthasintha phazi poima, ndipo ikafika poipa imaponya miyendo yakutsogolo patsogolo n'kutsamira kumbuyo. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, ndi nkhani ya tsiku lomwelo, osati ya mawa. Musaipatse phenylbutazone kapena mankhwala ena a ululu a gulu limenelo mwa inu nokha pamene ili pa steroid, chifukwa awiriwa pamodzi amabweretsa zilonda m'chifu ndi m'matumbo. Thupi muzilipimanso tsiku lililonse. La hatchi yaikulu limakhala pakati pa madigiri 37.5 ndi 38.5, ndipo popeza steroid amabisa zizindikiro za matenda ena, kukwera pang'ono, chifuwa, kapena diso lolira misozi zisanyozedwe.

Pofuna kuchepetsa steroid, madokotala amawonjezera mankhwala ena. Odziwika ndi azathioprine, pa mamiligalamu 2 mpaka 3 pa kilogalamu tsiku lililonse, kenako modumphitsa tsiku. Amachedwa kuyamba kugwira, masabata angapo, matumbo a hatchi amayamwa kagawo kochepa chabe ka mlingowo, ndipo magazi ayenera kupimidwa pafupipafupi. Powasinja valani magolovesi, ndipo mayi woyembekezera asawagwire. Kale kunali jakisoni wa mchere wa golide, aurothioglucose, amene ankathandiza mahatchi ena makamaka ana, koma anasiya kupezeka pamsika. Pentoxifylline, mafuta a omega-3 ndi vitamini E ndi othandizira chabe, paokha sangagwire matenda ofalikira ngati a hatchi yanu. Maantibayotiki amabwereranso pokhapokha mabakiteriya atalowerera pa zilonda.

Kudula kukachitika, kusamba kuyambirenso, koma mofatsa. Madzi ofunda pang'ono, sopo wofewa kapena wa chlorhexidine, thovu likhale mphindi 10 kuti nkhanambo zifewe, kenako mutsukuluze bwino. Zogwa zigwe zokha, zokana zisiyeni. Kamodzi kapena kawiri pa sabata n'kokwanira. Dzuwa lamphamvu, kutentha ndi thukuta zimakulitsa matendawa pa mahatchi ambiri, ndiye masana izikhala pamthunzi, ndipo ntchentche ndi tizilombo toluma tithamangitsidwe ndi mankhwala osawotcha khungu losupuka. Chishalo chidikire kaye mpaka pamsana ndi podutsa lamba papole. Kuyenda pang'onopang'ono mutaigwira chingwe kumathandiza kuphwetsa miyendo, bola mapazi ali bwino. Katemera ndi mankhwala a njoka muzikambirana ndi adokotala nthawi yake, osangotsata kalendala. Ngati ndi hatchi ya mipikisano, dziwani kuti malamulo a FEI, bungwe loyang'anira mipikisano ya mahatchi padziko lonse, salola steroid kupezeka m'thupi pa tsiku la mpikisano.

Muitsegulenso pakamwa muone. Pemphigus foliaceus kawirikawiri sagwira m'kamwa. Mukapeza zilonda zozama pa usinini, lilime, m'milomo, m'zikope kapena kunsi kwa mchira, hatchi ikuchucha dovu n'kumakana kudya, ndiye tikulankhula za abale ake awiri osowa kwambiri. Pa pemphigus vulgaris maselo amalekana pansi penipeni pa khungu lakunja, ndipo pa bullous pemphigoid asilikali aja amalimbana ndi collagen XVII, puloteni yogwiriza khungu lakunja lonse ku lam'kati, moti limasupuka lathunthu. Onse awiri ndi oopsa kuposa foliaceus ndipo mahatchi ambiri sapulumuka. Matuza a m'kamwa ali ndi zoyambitsa zinanso: kumaiko a ku America kuli vesicular stomatitis, matenda a kachilombo opatsirana amene lamulo limafuna kuti anenedwe kuboma, ndipo mwana wa hatchi wobadwa khungu likusupuka ndi ziboda zikuvuka, makamaka wa mtundu wa Belgian kapena American Saddlebred, amakhala ndi matenda achibadwa a epidermolysis bullosa, osakhudzana ndi chitetezo cha m'thupi. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe aja sagwira mahatchi. Pa zimene mwalemba, palibe choloza kumeneku.

Ichira? Ana a mahatchi osakwana chaka ndi amene amachita mwayi: amamva mankhwala msanga ndipo ambiri amadzasiyiratu osabwereranso. Pa hatchi ya zaka 9, ndingakunamizeni nditakulonjezani zimenezo. Chiyembekezo choyenera n'chakuti matendawa agwidwe, khungu lipole, ibwerere ku ntchito, koma ili pa kamlingo kochepa kwa nthawi yaitali. Mwa mahatchi 13 amene anatsatiridwa ku Davis, anayi anasiya mankhwala n'kukhalabe opanda nkhanambo, awiri anali bwino akumwabe mankhwala, asanu ndi aja anaphedwa, awiri sanadziwike kumene anathera. Gululo ndi laling'ono, koma likusonyeza mbali zonse ziwiri mosabisa. Zimene zikuikomera hatchi yanu n'zakuti papita miyezi iwiri yokha ndipo simunatchule vuto la mapazi. Sabata zitatu zoyambirira za mankhwala zidzanena zambiri: yoleka kutuluka nkhanambo zatsopano msanga n'kulola mlingo kutsika popanda kubwerera ili pa njira yabwino, pamene yofuna mlingo waukulu mwezi ndi mwezi ndi imene imafunika azathioprine msanga, ndi kukambirana moona mtima za mtengo wa mankhwala ndi za moyo umene chiwetocho chikukhala. Ikakhala miyezi ingapo khungu lili loyera pa mlingo wotsikitsitsa, adokotala angayese kusiyitsa, pang'onopang'ono momwemo. Mwezi umene inayamba kudwala muulembe penapake, ndipo chaka chamawa nyengo imeneyo ikamayandikira muziyang'ana kumaso ndi pamwamba pa ziboda tsiku lililonse, chifukwa pa mahatchi odwala motsata nyengo, kukweza mlingo pang'ono nkhanambo zoyamba zikangooneka kumapewetsa kubwerera ku mapiritsi 200 aja.